Mkhalakale pa ndale akabwera kumudzi, tisangomuombera m'manja

Kuno kwathu munthu akangolowako m'Nyumba ya Malamulo, dzina loti "olemekezeka" limamukakamira mpaka kumanda. Agwe pa chisankho, chipani chimutaye, galimoto ya ngongole ija ithe matayala, ife timamutchulabe olemekezeka, ndipo akafika pamaliro timamupezera mpando kutsogolo pafupi ndi mafumu. Zimenezo sindikutsutsa. Chimene chikundiwawa n'chakuti ulemuwo umapitirira, koma kuyankha mafunso kumathera tsiku lomwe bungwe loyendetsa zisankho la MEC lalengeza kuti wagwa. Munthu amene anatenga mavoti athu ndi kugwira ndalama zathu zaka zisanu, khumi, mwina makumi awiri, amangozimirira osatsanzika, osafotokozera aliyense mmene wayendetsera ntchito. Kenaka amadzatulukira pa kampeni ina ali mlendo wolemekezeka, atagwira dzanja la mnyamata wina n'kumatiuza kuti uyu ndiye woyenera. Ife n'kuomba m'manja, amayi n'kululutira.

Chizolowezi chimenechi chikutisaukitsa, ndipo anthu a ku Dedza tiyenera kuchidziwa bwino kuposa a maboma ena.

Pa kampeni ya chisankho cha pa 16 September 2025 ndinakhala nawo pa kamsonkhano kena m'mudzi wina wa kumapiri kuno. Sunali msonkhano wa pasitediyamu, wa malole otuta anthu kuchokera kutali. Unali wa pabwalo la sukulu ya pulaimale, mabenchi atawatulutsa m'kalasi, chimkuzamawu chikulira ndi batire la galimoto, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri chifukwa mphepo ya August kuno imalowa m'mafupa. Wopikisana nawo pa uphungu anali wachinyamata, koma amene anthu anasiyira madimba awo a mbatatesi kudzamuona anali mkulu wina amene anakhalapo phungu kalekale. Jekete lake linali lachikale koma losita bwino, kolala itayamba kuthetheka m'mphepete. Dzanja linkanjenjemera pogwira maikolofoni. Mawu okha ndiwo anali asanakalambe. Anatchula mijigo, midadada ya sukulu, mlatho, zonse zimene ankati zinabwera m'nthawi yake, ndipo pa chilichonse anthu ankavomera.

Atatsala pang'ono kumaliza, mayi wina wadothi la kudimba kumapazi anaimika dzanja, nagwada pansi monga mwa ulemu wathu.

"Pepani achikulire, ine ndimati ndimve za chipatala chaching'ono chija munatiumbitsira njerwa. Tinaumba, tinawotcha, uvuni mpaka unagumuka ndi mvula. Ndalama zake zinapita kuti?"

Wapampando wa chipani m'deralo sanadikire kuti mkuluyo ayankhe. "Mayi, khalani pansi. Lero si tsiku la milandu. Alendo sitiwalandira choncho." Agulupu anawerama. Amayi ovina anayambitsa nyimbo, ng'oma inalira, funso lija n'kumira.

Msonkhano utatha ndinapita kugalimoto kukawapatsa moni mkuluyo. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, ndipo mosafunsidwa anandiuza chapansipansi kuti mayi uja sananame. Ndalama zinatulukadi, koma zinagawikana m'njira: zina zinakagula mabokosi a maliro, zina zinatonthoza anyamata a chipani, zina sanazione n'komwe. Nditawafunsa chifukwa chimene sanamuuzire mayiyo zomwezo, anapukusa mutu. "Mwana wanga, zimenezo sizinenedwa pagulu."

Ndikukana. Zimenezo n'zimene ziyenera kunenedwa pagulu, ndipo palibe wina angazinene koposa munthu ngati ameneyu. Phungu amene ali pampando amaopa akuluakulu a chipani, amaopa kutaya mwayi wa unduna, amaopa chisankho chachipulula chikubwera. Shado amene akufuna kulowa kumene sadziwa kanthu, akungolonjeza zimene wamva ena akulonjeza. Mkhalakale yekha ndiye ali ndi zonse ziwiri: akudziwa mmene ndalama imayendera kuchokera ku Capital Hill mpaka kufika pa thumba la simenti, ndipo alibe mpando woti wina angamulande. Munthu wotere akasankha kukhala chete, n'kubwereketsa imvi zake kuti zikongoletse msonkhano wa mnzake, watibera kawiri.

Ganizirani kuti munthu wa kumudzi amakumana naye kuti wandale maso ndi maso. Ku Nyumba ya Malamulo sangalowe. Pamsonkhano waukulu amakhala kuseri kwa chingwe, apolisi ali pakati, wolankhula ali pansanja kutali ngati kadontho. Kamsonkhano ka pabwalo la sukulu ndi malo okhawo pamene wandale amakhala pafupi moti ungaone batani lothothoka pa malaya ake, pamene mawu a mayi wosagwira maikolofoni angamveke. Malo amenewa ndiwo tawasandutsa a nyimbo zotamanda ndi mzere wolandira kangachepe. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, koma aliyense amene anayenda m'midzi nthawi ya kampeni akudziwa kuti mawu oti "musabalalike, kuli ya sopo" sanathe. Munthu amene akudikira ya sopo safunsa funso lovuta, ndipo mnzake akafunsa amamukodola kuti angatilepheretse kulandira. Si kuti anthuwo ndi opusa. Thumba la feteleza wotsika mtengo wa AIP limene linali pa K4,495 mu 2020 linafika pa K15,000 mu 2022, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mlimi wa ku Bembeke kapena ku Lobi amagulitsa mbatatesi yake pa mtengo wonena venda. Njala ndi yeniyeni. Koma wandale amene akuidziwa njalayo n'kuigwiritsa ntchito yotsekera anthu pakamwa ndiye woyenera kuchita manyazi, osati mayi wofunsayo.

Malamulo athu nawonso anatisiya pamtetete. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anali ndi gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito nthawi yake isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995, lisanagwirepo ntchito ndi kamodzi komwe. Kuyambira pamenepo chida chathu ndi chimodzi, kumugwetsa pakatha zaka zisanu, ndipo timachigwiritsadi ntchito: pafupifupi chisankho chilichonse aphungu ochuluka sabwerera. Koma kugwetsa munthu si kumva zoona. Wagwayo amanyamula mafayilo m'mutu mwake n'kupita ku Lilongwe, watsopano amayambira pa ziro, ndipo maziko a chipatala chosatha amamera udzu. Palibe lamulo lomukakamiza kukhala pansi ndi komiti ya chitukuko ya m'dera, ADC, n'kupereka ndondomeko ya zimene wasiya.

Ndalamazo si zamasewera. Thumba la chitukuko cha m'dera, CDF, linayamba mu 2006 lili ndi mamiliyoni owerengeka pa dera lililonse. Mu 2022 linafika pa K100 miliyoni, mu 2024 pa K200 miliyoni. Malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma akhala akuonetsa zitukuko zolipiridwa koma zosaoneka ndi maso, ndi malisiti osowa, m'makhonsolo osiyanasiyana m'dziko muno. Mu May 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, khoti linagamula kuti n'kuphwanya malamulo aakulu kuti aphungu azilowerera kayendetsedwe ka thumbali. Chigamulocho chikunena za m'tsogolo. Nanga za zaka pafupifupi makumi awiri zapitazo, atiuze ndani? Amene akudziwa ndi omwe aja timawakhazika pa mpando wa alendo olemekezeka.

Wina anena kuti kufunsa wamkulu pagulu si chikhalidwe chathu. Amene akunena zimenezo apite pamaliro aliwonse ku Linthipe, ku Mayani kapena ku Mtakataka. Thupi lisananyamuke, munthu amaimirira ndi kope n'kuwerenga chipepeso chonse: mudzi wakuti ufa mabeseni angapo, mpingo wakuti ndalama zakuti, achibale a ku Joni zakuti, bokosi tagula mwakuti, zatsala zakuti. Amawerenga pamaso pa mafumu, pamaso pa anamfedwa amene misozi isanaume, ndipo palibe amene amati ndi chipongwe. Ngati timawerengetsa ndalama ya maliro mpaka kwacha yomaliza, n'chifukwa chiyani K200 miliyoni ya dera lonse ikhale yosanenedwa pagulu? Chikhalidwe chimene chimatseka pakamwa mayi wogwada mwaulemu si cha makolo athu. Tinachiphunzira m'zaka za chipani chimodzi, pamene funso linkatha kukugonetsa ku Dzaleka kapena ku Mikuyu, ndipo sitinachivulebe. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, mfumu ya konkuno ku Dedza, ankaimitsa paudindo mafumu aang'ono amene ankalekerera maukwati a ana. Anali akuluakulu a imvi, koma anawafunsa, ndipo dziko lonse linamuyamikira.

Apa ndiyenera kutchula dzina limene munthu sangalembe za andale opuma a ku Dedza n'kulilumpha. John Zenus Ungapake Tembo anabadwa mu 1932, analowa m'nyumba ya malamulo mu 1961 dziko lisanalandire ufulu, anali nduna ya zachuma pa nthawi ya mkangano wa nduna wa 1964, anayendetsa Reserve Bank kuyambira 1971 mpaka 1984, ndipo kwa zaka zambiri anali pafupi ndi Kamuzu Banda koposa wandale wina aliyense. Demokalase itabwera anakhalabe phungu wa Dedza South, anatsogolera MCP, anapikisana pa upulezidenti mu 2004 ndi mu 2009 n'kukhala wachiwiri maulendo onse awiri. Anatula utsogoleri wa chipani mu 2013, Lazarus Chakwera n'kulowa m'malo mwake. Anakhala zaka pafupifupi khumi ali wopuma, namwalira mu September 2023, ndipo anaikidwa kwawo kuno ndi ulemu wa boma. Anthu ambiri a ku Dedza ankamukonda ndi mtima wonse, ndipo chikondi chimenecho sindikuchinyoza. Anasunga chipani chake chili moyo m'zaka zimene ambiri ankati chafa.

Koma Dedza yomweyi inabalanso Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, amene mu May 1983 anaphedwa pamodzi ndi Dick Matenje, Aaron Gadama ndi David Chiwanga ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma la nthawiyo linati inali ngozi ya galimoto. Kafukufuku wa 1994, wotsogoleredwa ndi Jaji Michael Mtegha, anapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Kamuzu ndi a Tembo anazengedwa mlandu, ndipo mu December 1995 khoti linawapeza osalakwa. Chigamulo chimenecho chilipo ndipo ndikuchilemekeza. Sindikuweruza munthu amene khoti linamumasula. Chimene ndikunena n'china. Khoti limayankha funso limodzi lokha, ngati umboni wakwana kapena ayi. Silifotokozera mtundu wa anthu mmene dziko linafikira poti nduna zitatu ndi phungu n'kuphedwa ndi apolisi a boma lawo lomwe. Munthu amene anakhala pakati penipeni pa boma limenelo zaka makumi atatu ankadziwa zambiri za mmene linkayendera, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo ife tinali naye pafupi zaka khumi za kupuma kwake. Andale a zipani zonse ankapita kukamuona, kukajambulitsa, kukatenga madalitso. Ife eni dziko sitinakonze bwalo loti akhale pansi, iye ndi anzake a nthawi imeneyo, atiuze mwadongosolo zimene anaona.

South Africa inakhazikitsa bungwe la choonadi ndi chiyanjanitso, lotsogoleredwa ndi Desmond Tutu, limene linayamba kumva maumboni mu 1996. Linali ndi zofooka zake, koma apolisi ndi andale anaima pagulu n'kunena zimene anachita, amasiye akumva. Ife tinasankha njira ina. Kamuzu anapepesa mwachidule mu January 1996 pa zowawa zimene anthu anakumana nazo m'dzina lake. Tinakhazikitsa bwalo la chipukutamisozi, National Compensation Tribunal, limene linatsekedwa patatha zaka khumi anthu zikwi zambiri asanalandire kanthu, nkhani imene ofesi ya Ombudsman inaiutsanso mu 2017. Ndipo mu 2009 Bakili Muluzi, amene boma lake linazenga a Tembo mlandu wa ku Mwanza, anaima pansanja n'kupempha anthu kuti avotere a Tembo omwewo. Andale anakhululukirana okhaokha. Amene anataya abale, minda ndi ntchito sanafunsidwe, sanauzidwenso kanthu. Taonani amene analemba za nthawi imeneyo: Kanyama Chiume, Vera Chirwa, Jack Mapanje, Sam Mpasu, anthu amene anathawa kapena kumangidwa. Ochuluka mwa amene anali mkati, ogwira makiyi, apita ali duu.

Mwina muganiza kuti ndasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, imfa za ku Mwanza ndi njerwa za chipatala cha m'mudzi. N'zosiyanadi kukula kwake, ndipo sindikuziyeza pa sikelo imodzi. Koma chimene chimatseka pakamwa pa zonse ziwiri ndi chimodzi, chiganizo chija choti zimenezo sizinenedwa pagulu. Mtundu umene unalephera kufunsa zazikulu unaphunzitsa ana ake kusafunsa zazing'ono. Wapampando amene anakhazika pansi mayi uja mwina anali asanabadwe mu 1983, koma mawu amene analankhula ndi a nthawi imeneyo.

Ndikudziwa kuti moyo wa phungu wakale suli wa mkaka ndi uchi. Ambiri amatuluka ali ndi ngongole, atatha chuma chawo pogula mabokosi, kulipirira ana a eni fizi, kunyamula odwala usiku pa galimoto yawo chifukwa ambulansi ilibe mafuta. Ovota tili ndi gawo lathu pamenepa: tinasandutsa phungu kukhala ambulansi ndi banki, ndipo amene akukana timamugwetsa ngakhale atalankhula zanzeru chotani m'Nyumba ya Malamulo. Komatu n'chifukwa chake tikufuna kuti wakaleyo alankhule. Atiuze kuti bokosi lililonse limene tinamupempha linachotsa matumba angati a simenti pa chipatala. Atiuze amene amasankha kontilakita, ndi chifukwa chimene mlatho umakokoloka mvula yoyamba. Atiuze zimene chipani chimafuna kwa phungu ikayandikira kampeni. Mawu amenewo angatiwawe, chifukwa ena adzaloza ife tomwe, koma angaphunzitse mnyamata akulowayo koposa nyimbo zonse zomutamanda. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto wa umbava ndi mabodza wayaka zaka makumi atatu, ndipo akuluakulu athu a ndale, m'malo mouzimitsa, akungoyenda m'misonkhano kukweza manja a olowa m'malo.

Kwa mafumu athu ndili ndi pempho lachindunji. Bwalo ndi lanu. Chipani chikabwera kudzapempha malo a msonkhano, muli ndi mphamvu yonena kuti m'mudzi muno mlendo akalankhula, anthu amafunsa. Ikani nthawi ya mafunso patsogolo, nyimbo zibwere pambuyo. Gulupu amene amaweruza milandu ya malire a minda mosaopa nkhope sayenera kuwerama pamene mayi wa m'mudzi mwake akukhazikidwa pansi ndi munthu wa chipani. Envulopu imene mumalandira pa msonkhano ndi yaing'ono poyerekeza ndi chipatala chimene mudzi wanu unataya.

Kwa makomiti a VDC ndi ADC, kwa achinyamata ophunzira amene ali mbwee m'misika ya Chimbiya, Thete ndi Golomoti: lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Muli ndi ufulu wolembera khonsolo kupempha mndandanda wa zitukuko za CDF za dera lanu, chaka ndi chaka, ndi ndalama zake. Tengani pepalalo, yendani nalo, muone ngati mjigo wolembedwawo ulipo. Tsiku limene mkhalakale adzabwere kudzakweza dzanja la wina, mudzamufunse muli ndi pepala m'manja, mwaulemu, mutagwada ngati n'kofunika, koma mudzamufunse. Ndipo wina akadzati khalani pansi, ena khumi adzaimike manja.

Kwa inu achikulire amene munakhalapo aphungu, nduna, apampando a chipani, akuluakulu a Payoniya: simukusowa kudikira kampeni ya 2030. Wailesi za m'madera zilipo, ya ku Bembeke ili pakhomo pompa. Ana asukulu za sekondale ali ndi mafoni otha kujambula mawu, ndipo aphunzitsi a mbiri ya dziko akuphunzitsa za 1964, 1983 ndi 1993 kuchokera m'mabuku pamene inu amene munaziona muli m'midzi yoyandikana ndi sukuluzo. Itanani anthu, khalani pansi pa mtengo, nenani zimene munachita bwino, ndi zimene zinalakwika, ndi amene analakwitsa ngakhale mutakhala inu. Amene anali ndi zaka makumi atatu pamene Sangala ankaphedwa lero adutsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo chaka chilichonse tikuika m'manda ena mwa iwo.